Agogo ako akupereka moni

Mwana wanga akakhala pansi pa nyanja ndimapatsidwa mawu 120 pa sabata kuti ndilankhule naye. Ndikafuna ndikhoza kuwagawa pawiri, 60 lero, 60 enawo patapita masiku angapo, koma osapitirira pamenepo. Uthengawu amautcha familygram, ndipo umayenda njira imodzi yokha: ine ndimatumiza, iye amalandira, basi. Sangayankhe, chifukwa sitima imene amagwiramo ntchito ikangotulutsa kamawu pa wailesi ndiye kuti yadziulula pomwe ili, chonsecho ntchito yake yonse n'kusadziwika pomwe ili.

Mnyamatayu anabadwira kuno ku Britain, ndipo ndi msilikali wa panyanja wa Royal Navy. Dzina lake sinditchula, ngakhalenso la sitima yake. Makolo a ana otere chizolowezi chimenechi timachiphunzira msanga. Zimene ndinganene ndi zimene aliyense akudziwa kale. Dziko lino lili ndi sitima zinayi zoyenda pansi pa madzi zimene zimanyamula mizinga ya nyukiliya ya Trident. Zimakhala ku Faslane, ku Scotland, ndipo chiyambire 1969 sipanakhalepo tsiku limene panyanja panalibe sitima ya ntchito imeneyi. Kale ulendo umodzi unkatenga pafupifupi miyezi itatu, koma zaka zapitazi ena afika masiku oposa 200 osaona dzuwa. Za mizingayo maganizo anga ndili nawo, ndipo si onse amene angamukondweretse mwana wanga, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Familygram isanafike kwa mwini wake imayamba yawerengedwa ndi anthu ena, ndipo nkhani zoipa sizidutsa. Sitimayo sibwerera kudoko chifukwa cha maliro a kwa munthu mmodzi. Choncho asananyamuke amafunsidwa ngati angafune kuuzidwa kukagwa zovuta kunyumba, ngakhale kuti mawu omaliza amakhala a kaputeni. Wanga anasankha kuti asauzidwe mpaka ulendo utatsala pang'ono kutha. Anandiuza tili kukhitchini, akudya nsima ataimirira monga mwa khalidwe lake loipa lija: "Amayi, kukachitika chilichonse ndidzamve ndikamatuluka. Nanga ndikamva ndili mkati muja ndidzatani nazo?" Ndinavomera mosavuta, monga mmene munthu umavomerera zinthu zimene ukuganiza kuti sizichitika.

Atatha masabata asanu ndi awiri ali pansi pa madzi, achimwene anga anaimba foni kuchokera kwathu ku Dedza. "Achemwali, amayi sakupeza bwino kwenikweni. Mukanayesetsa kubwera." Sindinafunse kuti ali chipatala chiti. Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva azimayi akulira.

Mayi angawo ndi amene anamulera mnyamatayu zaka zake ziwiri zoyambirira, atabwera kudzandithandiza kuno, ndipo Chichewa chochepa chimene amalankhula n'chawo, cha ku Dedza chenicheni. Lamlungu lililonse ndikawaimbira foni ankamufunsa. Zoti munthu angakhale miyezi pansi pa nyanja sankazimvetsa ndipo sankafuna kuzimvetsa, ankangoti, "Umuuze kuti ndikumupempherera, komanso asamasewere ndi madzi." Ndiye familygram iliyonse, chiyambire ulendo wake woyamba, ndinkaitseka ndi chiganizo chimodzimodzi: agogo ako akupereka moni.

Ndinachita zoyenera kuchita. Ndinadziwitsa ofesi yoona za mabanja a asilikali kuti uthenga ukafike kwa kaputeni n'kusungidwa kumeneko. Ndinakwera ndege kudzera ku Addis Ababa, tinagona pasiwa, tinaika maliro. Usiku wa tsiku loikalo, anthu atayamba kuchepa, ndinakhala pakhonde ndi foni m'manja chifukwa linali tsiku lotumiza uthenga. Ndinalemba za timu yake ya mpira, za galimoto yake imene ndimailiza sabata iliyonse kuti batire isafe, za mlongo wake ndi mayeso. Zonsezo zinali zoona. Nditafika pa chiganizo chomaliza zala zinaima.

Taganizani nanu. Ndikachilemba, ndanama, pakuti akufa sapereka moni. Ndikachisiya, mwana amene wachiwerenga sabata iliyonse kwa zaka zitatu aona kuti palibe. Ndipo ana amenewa mauthengawa sawerenga kamodzi ayi. Amawabwereza mpaka pepala kufewa, akusanthula mawu aliwonse poti alibenso china chochokera kunyumba. Aona kuti palibe, adikira sabata yotsatira, aonanso kuti palibe, kenako akhala miyezi itatu akudziwa mosadziwa, alibe womufunsa, alibe njira yondifunsira ine. Kukhala chete kumene tinagwirizana kukhitchini kuja kunali kutatheka kale, chifukwa pamenepa chete nayenso ankalankhula.

Pali gulu la makolo pa intaneti limene ndinalowamo mwanayu atangoyamba maphunziro ake a masabata khumi ku HMS Raleigh, ku Cornwall. Ambiri ndi azimayi achizungu, azibambo alipo owerengeka, ndipo amene ndinakumana nawo maso ndi maso sakwana asanu. Malamulo ake ndi okhwima: osatchula masiku onyamuka kapena obwerera, osatchula komwe sitima ili ngakhale utangoganizira, ndipo wina akaiwala, zimene walembazo zimafufutidwa nthawi yomweyo. Masiku ambiri timakambirana tinthu ting'onoting'ono, monga zoika m'katoni imene mwana adzatsegule pa tsiku lake lobadwa ali mkati muja, kapena mmene ungapanikizire nkhani ya ukwati wa msuweni m'mawu 20. Anzanga a kutchalitchi amandikonda, koma akandifunsa kuti "mwalankhula naye liti?" ndimatopa ndisanayambe kuyankha. M'gulumu mulibe amene amafunsa funso limenelo.

Usiku umenewo, ndili pakhonde ku Dedza, netiweki ikubwera n'kumapita, ndinawalembera. Pasanathe theka la ola anthu anayamba kuyankha. Mayi wina anati galu wa mwana wake anafa sabata yachiwiri ya ulendo, ndipo iye anapitiriza kulemba za galuyo miyezi inayi, mpaka kumupekera timilandu toba soseji. Bambo wina, amene anagwirapo yekha ntchito m'sitima zoterezi asanapume, anati ndisaname ngakhale pang'ono, ndingosintha kalembedwe ka uthenga wonse kuti chiganizo chosowacho chisaonekere. Wina anangolemba kuti pepani chifukwa cha mayi anu, kodi mwadya? Kunena zoona, pa onsewo ameneyu ndi amene anandiliritsa. Tsiku lonse ndinali mwana wa malemu wochokera kunja, woyang'aniridwa kuti agule matumba a ufa ndi kulipira bokosi, ndipo munthu woyamba kundifunsa ngati ndadya anali mayi wa ku Plymouth amene nkhope yake sindiidziwa.

Ndinalemba kuti agogo ako akupereka moni, n'kutumiza. Ndinachitanso chimodzimodzi sabata yotsatira, ndi inayo, mpaka kakhumi ndi kanayi.

Ambiri m'gulu muja anandiuza kuti limeneli si bodza, ndi chikondi. Ndikuwathokoza, koma sindikuvomereza, ndipo chimene ndakhalira pansi kulemba ndi chimenechi.

Nkhaniyi si yachilendo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba mabuku awiri okhudza bodza, ndipo m'buku lachiwirilo, la cha m'ma 420, anapereka chitsanzo chimene chinandidzidzimutsa nditachipeza. Bambo akudwala mwakayakaya, mwana wake mmodzi yekhayo wamwalira, ndipo bamboyo akukufunsa ngati mwanayo ali moyo. Ukazemba funsolo adziwa, pakuti munthu sazemba nkhani yabwino. Ukanena zoona, mwina umupha. Augustine anavomera kuti chitsanzochi chimamugwedeza mtima kwambiri, komabe anaima pomwe anaima: kubisa choonadi nthawi zina n'kololedwa, kunena bodza ayi. Mantha ake anali akuti ukangotsegula chitseko cha bodza lachifundo, sudzapeza polekezera. Immanuel Kant mu 1797 anafika pomwepo kudzera njira ina, ponena kuti bodza, ngakhale lopulumutsa mnzako kwa wakupha, limawononga chikhulupiriro chimene anthu amakhala nacho pa mawu a anzawo. Kale ndinkawaona anthu awiriwa ngati ouma mtima, anthu amene sanakhalepo pakhonde usiku wa maliro ndi foni m'manja. Pano ndikuganiza kuti analakwitsa pa chimene ndinayenera kuchita, koma sanalakwitse pa mtengo wake.

Njira ya bambo uja, yosintha kalembedwe, Augustine akanaivomera. Ndinaiganizira kwambiri. Ndikanatha kulemba kuti tonse kuno ndi kumudzi tikupereka moni, ndipo palibe liwu limene likanakhala labodza. Koma cholinga chake chikanakhala chiyani? Kuti mwana wanga apitirize kukhulupirira kuti agogo ake ali moyo. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Kuli pa ine ndekha, kuti ndidzathe kunena kuti sindinaname. Zimandikumbutsa Ahimaazi wa m'buku la 2 Samueli, amene anathamanga n'kufika woyamba kwa mfumu Davide, koma atafunsidwa za Abisalomu anayankha mozungulira, n'kusiyira Mkusi amene ankabwera pambuyo kuti anene zowawazo. Ahimaazi anadziteteza yekha, Davide sanamuteteze ku chilichonse. Ine ndinaona kuti ngati ndasankha kumunamiza mwana, bola ndimunamize ndikudziwa kuti ndikunama, kusiyana n'kubisala kuseri kwa galamala. Komanso ndinkamudziwa mwana wanga: kusintha kulikonse akanakununkhiza.

Anzanga a kwathu nditawafotokozera anadabwa kuti ndikuvutikiranji. "Nanga si ndi mmene timachitira? Achimwene anu aja anakuuzani kuti chiyani pafoni?" Zoonadi. Ine ndemwe ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, amalume anabwera kudzanditenga akuti bambo ako akudwala, akufuna akuone. Padepoti anandigulira Fanta ndi mandasi awiri, munthu amene chibadwire changa anali asanandigulireko ngakhale switi. Tinayenda maola anayi akundifunsa za masamu ndi za aphunzitsi. Titatsika basi n'kulowa kamsewu ka kumudzi, ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu pafupi ndi kwathu. Amalume sananene kanthu, anangondigwira dzanja.

Sindinawakwiyirepo amalume. Mwambo umenewu uli ndi nzeru: munthu asamve yekhayekha, asakomoke panjira, amve ali pakati pa anthu omugwira. Ndimaulakalaka masiku ano pamene anthu akumva za imfa ya mayi awo pa WhatsApp, chithunzi chitaikidwa kale ndi msuweni wa manja oyabwa. Koma ndikayerekeza zimene anachita amalume ndi zimene ndinachita ine, ndikuona kuti sizofanana. Bodza la amalume linali la maola anayi, langa linali la miyezi itatu ndi theka. Bodza lathu la kumudzi, munthu wamkulu amalimva n'kudziwa tanthauzo lake, monga ndinadziwira ine pafoni ya achimwene. Ndi chinenero chimene tonse tinagwirizana, chokonzekeretsa mtima, pamene langa ndinalikonza dala kuti lisamveke. Chachikulu n'chakuti amalume anandinamiza kuti akandifikitse pamaliro. Ndinaona nkhope ya bambo anga, ndinaponya dothi m'manda, ndinametedwa pamodzi ndi abale anga. Mwana wanga bodza langa silinamufikitse kulikonse. Timati maliro n'kulirana, koma iye pomwe ankamva, ife tonse tinali titalira kale, misozi itauma, tikukambirana za simenti ya chiliza. Analira yekha, mochedwa.

Ena akuti, komatu anavomera yekha. Anavomeradi kuti asauzidwe, ndipo chimenecho chimandipepukitsira katundu. Koma munthu akati musandiuze, sananene kuti mundiuze zabodza. Anapempha chete, ine ndinamupatsa moni wopeka kakhumi ndi kanayi. Kukhitchini kuja tonse awiri sitinaganize kuti zinthu ziwirizi zingasiyane.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikunena kuti ndikanachitanso? Chifukwa m'sitima muja muli anthu oposa 100 amene moyo wawo umadalira kuti aliyense pa nthawi yake ya ulonda mutu wake uli pa ntchito. Mulibe malo oti munthu akalire payekha, bedi lake n'kashelefu kotchinga ndi katani. Sangatuluke kukapitidwa mphepo, sangaimbire mlongo wake foni. Chisoni cha munthu amene angathe kuchitapo kanthu n'chosiyana ndi cha munthu wotsekeredwa. Ndipo chimene chikanamupweteka koposa si imfayo, koma kukayika kwa miyezi itatu, kudzuka tsiku lililonse n'kumawerenganso mapepala akale kufunafuna chizindikiro. Ndinayeza zonsezi ndipo ndinasankha. Ndikuvomeranso kuti m'kusankhamo munali kachinthu kanga: mphindi zimene ndinkalemba chiganizo chija, mayi anga ankakhala ngati akadalipo penapake, ngakhale kuti penapakepo panali pansi pa nyanja m'mutu mwa mdzukulu wawo. Mwina masabata ena ndinkalembera ine ndemwe.

Maganizo anga ndi akuti pali zinthu zimene munthu uyenera kuchita koma zimasiyabe ngongole. Timafulumira kuganiza kuti ngati chinthu chinali choyenera ndiye kuti palibe amene walakwiridwa, ndipo ngati wina walakwiridwa ndiye kuti sichinali choyenera. Moyo sunanditsimikizire zimenezo. Ndinachita chimene ndinayenera kuchita, ndipo mwana wanga ndinamulanda kanthu: kwa miyezi itatu ndi theka ankapempherera munthu wakufa kuti BP yake itsike. Ndikanena kuti limenelo silinali bodza koma chikondi, ndafufuta ngongoleyo ndekha, mwini wake asanaione n'komwe.

Apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi anzanga a m'gulu, ngakhale ndimawakonda. Gulu la anthu ovutika mofanana limafulumira kukhululukirana, chifukwa aliyense akamakhululukira mnzake akudzikhululukiranso yekha. Tonse muja tili ndi galu wathu amene tikumupekera milandu ya soseji. Ukalemba kuti ndikudziimba mlandu, mayankho 40 amabwera onena kuti usatero, ndiwe mayi wabwino. Usiku wa maliro mawu amenewo ndinkawafuna ngati madzi. Patapita mwezi anayamba kundilemera, poti ankatseka nkhani imene ine ndinkafuna ikhale yotsegula. Amene anandithandiza pa nthawi imeneyo ndi bambo uja amene sindinatsatire malangizo ake. Anandilembera payekha kuti iye akuonabe kuti ndinalakwitsa, koma popeza zachitika, ndisunge mauthenga onse, ndilembe tsiku lenileni la imfa ndi zonse za pamaliro, amene anabwera, amene analalikira, nyimbo zimene anaimba, kuti mwana akadzatuluka ndidzamupatse zonse osasiyako. Anatinso ndidzapepese, ndipo ndisadzayembekezere kuti andiyankha kuti palibe kanthu. Ndinagula kope ku Dedza komweko n'kuyamba kulemba.

Chimene gululi limachita bwino, ndikaganiza, n'kusunga zimene sitingathe kutumiza. Sabata iliyonse makolo ambirimbiri amalemba mawu 120 a dzuwa lokhalokha, ndipo zotsalazo, matenda, maukwati otha, ntchito zotha, maliro, ziyenera kupita penapake. Zimapita muja. Munthu amatumiza kwa mwana wake kuti kuno zonse zili bwino, patapita mphindi zisanu n'kulembera ife kuti mawa akukayamba mankhwala a khansa. Popanda malo amenewo sindikudziwa ngati tikanatha kunama mwaukhondo chotere, ndipo sindikudziwanso ngati chimenecho n'choyamikira gululo kapena cholidandaula.

Kaputeni anamuuza kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti afike. Atapatsidwa mpata wa foni anandiimbira, mawu ake ali bwinobwino moti ndinachita mantha. Anangoti wamva, ndipo tidzakambirana kunyumba. Atabwera, wotuwa ngati munthu wotuluka m'chipatala, anadya, anagona pafupifupi tsiku lathunthu. Madzulo a tsiku lachiwiri anatsika ndi mapepala ake a familygram atawamanga ndi labala, n'kuwayala patebulo la kukhitchini motsatana masabata.

"Amayi, moni womaliza weniweni ndi uti?"

Ndinamulozera wachisanu ndi chimodzi. Ndinamuuza kuti Lamlungu limenelo agogo ake anali atangochokera kudimba, ankadandaula za mtengo wa feteleza, ndipo ananenadi kuti asamasewere ndi madzi. Anatenga pepalalo n'kulipinda payekha. Enawo anawawerenga ndi chala mpaka 14. Ndinapepesa. Anati akudziwa chifukwa chake ndinatero, ndipo mwina iyenso akanatero. Sananene kuti palibe kanthu. Ndinamupatsa kope lija, anakwera nalo kuchipinda, ndipo Chichewa cha mmenemo chinamutengera masiku atatu, akutsika pafupipafupi kudzafunsa kuti adzukulu a kumanda ndi ndani, nanga iye si mdzukulu?

Chaka chamawa tikupita limodzi kukamanga chiliza, ngati masiku ake a tchuthi alola. Koma asananyamuke ulendo umene alipo panowu, tinakhalanso kukhitchini komwe kuja. Fomu ija wasankha chimodzimodzi, kuti asauzidwe. Kwa ine anapempha chinthu chimodzi: ndisamalembenso moni wa munthu wina aliyense, kaya mlongo wake, kaya amalume ake, kaya abusa. Akuti akauona azingodzifunsa. Ndinamufunsa kuti nanga ndikalemba kuti ine ndili bwino, ukhulupirira? Anaseka pang'ono n'kunena kuti bola uthengawo ukubwera, ndiye kuti pali amene akuulemba.

Dzulo ndatumiza wachitatu wa ulendo uno. Ndalemba za mpira, za batire ya galimoto, za mvula imene sikuleka. Nditawerenga mawu ndinapeza 116, ndipo ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana malo a anayi otsalawo ndisanatumize choncho.